Dziwe Limodzi la Manijala

Amene anatha milamba ya mayi wamasiye uja si matenda ayi, si ng'azi, si akuba. Ndi mlamu wake, mng'ono wa malemu mwamuna wake, bambo wosavula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, amene anthu amangomutcha Manijala. Ndanena poyera, akafuna akwiye.

Malemu anasiya maiwe atatu kuseri kwa nyumba, olekanitsidwa ndi zipupa zadothi. Maiwe amenewo ndiwo ankadyetsa ndi kuphunzitsa ana awo aakazi awiri. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, pakatha masabata awiri alionse, bambo ndi mayi ankalowa m'matope ndi ukonde ndi mabeseni kukasankha nsomba: ting'onoting'ono dziwe loyamba, zapakati lachiwiri, zikuluzikulu lachitatu. Mpaka lero zala za mayiyo zili zipsera zokhazokha za minga ya milamba.

Misozi isanaume, Manijala anatulukira, n'kutenga kiyi wa kanyumba kosungiramo chakudya cha nsomba, n'kumuponya m'thumba la jekete. Abale onse anali pomwepo, pakamwa ngati asokedwa.

"Mlamu, inu pumulani. Bizinesi imafuna mutu wa mwamuna."

"Mutu muli nawo, alamu. Nanga milamba mumaidziwa?"

"Ndimaidya sabata iliyonse," anatero, n'kudziseka yekha.

Patapita masiku atatu anabwera ndi aganyu a makasu.

"Timaiwe titatu ngati mabafa osambitsira makanda! Achimwene analibe masomphenya. Likhale dziwe limodzi lalikulu, wodutsa pamsewu azidziwa kuti pano pali kampani."

Mayiyo anaima pachipupa, manja m'chiuno. "Musagumule. Mlamba waukulu umameza waung'ono. Mukuganiza kuti tinkalowa m'matope chifukwa chosowa chochita?"

"Nsomba kudya m'bale wake? Nkhani za pachitsime izo. Ine ndiziikhutitsa. Wokhuta amadyanso mnzake?"

"Inu pobwera kudzatenga kiyi munali ndi njala?"

Aganyu anaseka moyang'ana kumbali, koma makasu sanaime. Pofika masana zipupa zinali zitagwa, milamba zikwi zitatu, yaikulu ngati mkono ndi yaing'ono ngati chala, ili m'madzi amodzi.

Kuyambira pamenepo Manijala ankafika nsapato zili waliwali, n'kuwaza chakudya ataima patali kuopa matope, kenako n'kudzijambula pafoni dziwe lili kumbuyo. Poyamba akawaza, madzi ankachita kuwira. Mwezi wachiwiri kuwira kuja kunachepa. Wachitatu chakudya chinkangoyandama. Iye n'kumadzitama kwa abale kuti thumba limodzi la chakudya tsopano likukhalitsa, umenewo ndiwo umanijala.

Tsiku lina mayiyo anamukokera m'mbali mwa dziwe, n'kumulozera mlamba wosambira mchira wa unzake uli lendelende kukamwa.

"Mwaona, alamu?"

"Ikusewera imeneyo."

Mayiyo anabwerera kukachapa.

Tsiku lokolola, mayi mwini lesitilanti, amene ankagula pamenepo chiyambire nthawi ya malemu, anafika ndi galimoto ndi mabeseni makumi awiri. Manijala anali ataitana abale kuti adzaone. Aganyu anakoka ukonde, koma unkangobwera wopepuka ngati chinsalu chochapa. Munali milamba yamitu ngati fosholo, yonenepa, yowerengeka. Anakoka kachiwiri: achule. Kachitatu: matope.

"Ina yabisala pansi," anatero Manijala, thukuta lili kamukamu m'jekete.

Anaphwetsa dziwe lonse. Pa zikwi zitatu zija sipanakwane ndi mazana awiri omwe.

Mwini lesitilanti anatukula umodzi ndi manja awiri. "Bambo, makasitomala anga amafuna nsomba yokwana pambale. Uwu ndiwaikira pachitseko? Malemu sanandibwezepo ndi mabeseni ouma." Anapatsa moni wamasiyeyo mwachisoni, n'kuliza galimoto kupita kwa mlimi wina.

"Pali wakuba pano," Manijala anayamba kuzungulira, akuyang'ana aganyu, akuyang'ana mlamu wake. "Wina wakhala akuvuula nsomba zanga."

Mayi wamasiye sanakweze mawu. Anatenga mpeni, n'kugwira mlamba waukulu kuposa yonse, n'kuutumbula. M'mimba anatulutsamo kamlamba kosagayika bwino, n'kukaika pansapato yonyezimira ija.

"Wakuba ndi uyu, alamu. Kamumangitseni."

Manijala anapisa m'thumba, n'kuika kiyi pabeseni lovundikira. "Ndili ndi msonkhano m'tauni," anatero, osapukuta n'komwe nsapato. Abale aja nawo aliyense anakumbukira kuti anasiya kanthu pamoto.

Lero mukadutsa kuseri kwa nyumbayo mupeza mayiyo ndi ana ake awiri akusenza dothi m'zidebe, kuumbanso zipupa zimene bambo awo anaumba kale. Wamkuluyo yunifolomu yake ili pamsomali, teremu ino sanapite. Manijala ali m'tauni, akuti tsopano akulangiza anthu za nkhuku.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Zoona, analidya, ndipo wom'funsa anali naye pakhomo pomwepo, wa zipsera m'zala. Koma inu amene mumakhala chete kiyi akamalowa m'thumba la jekete, ndiyankheni: phula anadya ndi Manijala, nanga bwanji m'mimba mukupotokola ana amasiye?