Mpweya wa Lufeyo ndi Mwana Wopanda Dzina

Kalekale, koma osati kale la mikondo ndi mauta, kale lija chigayo chinali chimodzi chokha dera lonse la kuseri kwa Dowa, kunali munthu dzina lake Gelesomu Kampanje. Dzinalo muligwire bwino, chifukwa ndiye analakwa. Gelesomu anali mwini chigayocho. Analinso mwinimbumba pamudzi pawo, ndipo mlongo wake Elube anakwatiwa ndi Lufeyo, mkamwini wochokera kutali, wopanda munda wakewake.

Lufeyo ndiye ankayendetsa chigayo. Zaka zisanu ndi chimodzi akuthira chimanga pamwamba ndi kukung'untha thumba pansi. Poweruka ankatuluka ali mbuu, nsidze zomwe, ngati wagwa m'phulusa. Gelesomu ankakhala panja, pamthunzi wa mango, wailesi ili pamwendo.

Tsono Lufeyo anali ndi mphumu. Osati ija yobwera ndi chisanu n'kupita. Yake inamanga nyumba. M'chifuwa munkalira ngati muli ana amphaka. Kugona chagada sankatha, ankangotsamira mtondo. Akanena mawu atatu ankayamba waima kufunafuna mpweya. Ku chipatala chaching'ono anamupatsa kankhwala kopopera m'kamwa kaja amati inhela, kabuluu. Akapopera chifuwa chinkatseguka, koma pofika masana chatsekanso, poti munthu wabwerera m'fumbi lomwe lija.

Elube anali ndi pathupi, poyamba chikwatiwire. Azimayi pamjigo anamukhalitsa pansi.

"Kanthu kameneko ukakayamba sukasiya," anatero. "Kamadya mapapo. Amalume ake a uje anafa kali m'manja."

Elube anaopa umasiye. Anatenga inhela ija n'kukaiponya m'chimbudzi. Lufeyo ataifuna, mkaziyo sanabise.

"Ndataya. Ndikalipireni ngati mukufuna, koma mwanayu sindilera ndekha."

Lufeyo analibe mpweya wokalipira munthu.

Lamulungu lotsatira anthu anabwera kudzamuzonda. Panali Gelesomu, panali Elube, panalinso Dorifa, mchemwali wake wa Lufeyo, mayi wogulitsa tomato panjinga. Mwana ali m'mimba satchulidwa pagulu, ndi mwiko umenewo. Koma munthu wobanika saopa mwiko. Lufeyo anakweza dzanja.

"Imvani nonse. Amene adzandichotsere mwala uwu pachifuwa... ndiye adzatche dzina... mwana wanga."

Gelesomu anaseka. "Alamu, yambani mwapuma kaye, malonjezo pambuyo."

Kutacha Lolemba, pachigayo panali mzere wa azimayi ndi malichero awo. Lufeyo anatsokomola mpaka kugwira chipupa. Gelesomu ananyamuka pampando, n'kukazimitsa injini kuti aliyense amve bwino.

"Amayi inu, mukuona? Munthu uyu ali ndi chifuwa chachikulu. Akutsokomolera mu ufa wa ana anu."

"Ndi mphumu, alamu," anatero Lufeyo. "Buku lakuchipatala munaliona."

"Ine ndikuona chifuwa. Tulukani. Chigayo changa si wodi ya kuchipatala."

Gelesomu ankadziwa kuti ndi bodza. Ankafuna malowo apatse m'bale wa mkazi wake, basi. Akanatha kungonena kuti ntchito yatha, koma anasankha kumuvula munthu pagulu. Kuyambira tsiku limenelo Lufeyo ankapatsidwa kapu yakeyake. Pamaliro mbale yake ankaiika payokha. Akakhala pabenchi kutchalitchi, benchi yonse inkakhala yake.

Dorifa atamva, anapita kwa sing'anga n'kubwerako ndi masamba ouma ndi mizu. M'mawa wina anayatsa makala m'phale, n'kuthirapo masambawo, n'kumufunditsa mlongo wake bulangete kuti apume utsiwo. Sipanatenge nthawi. Povundukula anapeza milomo yasanduka yotuwa, maso ali psuu, mapewa akukwera ndi kutsika koma mpweya osalowa. Ngakhale ana amphaka aja anali atasiya kulira.

Elube anathamangira kwa mchimwene wake kukapempha njinga yamoto. Gelesomu anati mulibe mafuta.

Dorifa sanalire. Anamukweza Lufeyo pakaliyala, n'kumumangirira m'chiuno mwake ndi zitenje ziwiri ngati khanda, n'kuyamba kupalasa. Zitunda zinali zitatu, dzuwa litayamba kale kutentha. Tcheni chinagwa kawiri. Patapata mmodzi anatsala pamtsinje, iye sanacheuke. Njira yonse ankangomutukwana kuti asagone.

"Mukafera panjinga yanga, achimwene, tomato wanga adzagula ndani? Pumani, chitsiru inu!"

Pageti la chipatala chachikulu anakuwa kuti, "Tafika! Tafika, musandichititse manyazi!" Phazi lake linali magazi okhaokha.

Kumeneko anamuveka chophimba pamphuno cha mpweya wa okosijeni, anamulumikiza ku makina otulutsa nthunzi ya mankhwala, anamubaya jakisoni, kenako mapiritsi a masiku asanu. Tsiku lachinayi anakhala tsonga. Dokotala anali mayi wamfupi, wolankhula ngati akukalipa. Anaika ma inhela awiri pabedi, yabuluu ndi yabulauni, Elube amene anawatsatira kuchipatalako ali pambali.

"Bambo, mphumu sichira ngati malungo, koma imagonja. Yabuluuyi ndi yozimitsa moto ukabuka. Yabulauniyi ndi yolambula udzu moto usanafike. Mukapopera simumva chilichonse, koma muzipopera m'mawa ndi madzulo, ngakhale mukupeza bwino, kenako muzichukucha m'kamwa. Mayi akunyumba, inu mukapeze botolo la pulasitiki, muliboole kumatako, inhela izilowa pamenepo, iwo azikoka mpweya kukamwa kwa botolo. Mankhwala afike m'mapapo, asamathere palilime. Zikakanika izi mudzabwerenso, tili ndi ena owonjezera. Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndinkagayitsa. Anandichotsa."

"Amene anakuchotsaniyo anakupulumutsani. Mukanakhalabe m'fumbi limenelo, mankhwala angawa akanangopita pachabe."

Pabedi loyandikana panali mayi wakumudzi komweko akudwazika mwamuna wake. Mawu a dokotala anafika kumudzi Lufeyo asanafike.

Elube anachita manyazi ndi zimene anachita kale, ndipo manyaziwo anawasandutsa ntchito. Anaboola botolo ndi mpeni wamoto. Anasamutsa mafuwa kupita kutali ndi khomo, anatulutsa nkhuku m'nyumba, posesa ankayamba wawaza madzi. Koma nkhondo yeniyeni inali Lufeyo mwini wake. Patatha masabata awiri anakankha inhela yabulauni.

"Iyi ndi mphepo chabe. Ndipatse yabuluu, imene ija imamveka."

"Simudya mpaka mutapopera."

"Nyumba ino mwamuna ndani?"

"Wamoyo. Kokani mpweya, ndikuwerenga."

Tsiku ndi tsiku zinali zomwezo, m'mawa ndi madzulo, miyezi inayi. Yabulauni itatha ku chipatala chaching'ono, Elube anayenda wapansi zitunda zitatu zija ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu kukatenga ina. Azimayi apamjigo atayambanso zawo zija, anawayankha kuti, "Akafa, wodzagona pasiwa ndinu?" Azimayiwo anasenza zidebe zawo n'kumapita.

Pang'onopang'ono mwala unachoka. Lufeyo anagona chagada koyamba patatha zaka. Anabwereka kadimba kumtsinje n'kuyamba kuthirira mpiru ndi anyezi, makeni awiri m'manja, akuimba mluzu. Inhela yabuluu inkatha mwezi ili m'thumba osaigwira.

Ndiye mwana anabadwa, wamkazi. Lufeyo anayamba wapita kwa dokotala uja kuti atche dzina ndiye, nkhani ithere pomwepo. Mayiyo sanatukule n'komwe mutu pamapepala ake.

"Ana anga ndinatcha kale. Ine ndinagwira ntchito yanga. Wotsatira alowe!"

Mchombo utagwa, abale a mbali zonse anasonkhana pakhonde kuti mwana atuluke ndi dzina. Lonjezo lija aliyense ankalikumbukira.

Dorifa anayamba. "Ine sindichulutsa. Ndikanapanda kupalasa, bwenzi lero tikukamba za chiliza. Mankhwala sapopera maliro. Mwanayu ndi Tafika."

"Alamu, munapalasa, sindikukana," anatero Elube. "Koma utsi umene unatsala pang'ono kuwapha unali wa yani? Munazimitsa moto woyatsa nokha. Inu linali tsiku limodzi. Ine miyezi inayi ndikulimbana ndi munthu wamakaniyu. Mwanayu ndi Khama."

"Iwe usandiyambe," anatero Dorifa. "Ukanapanda kutaya inhela m'chimbudzi, utsi wangawo ukanabwera?"

Elube anaweramitsa mutu, koma dzina lake sanabweze.

Apo Gelesomu anatsokomola mwaulemu, n'kukonza kolala ya malaya.

"Azimayi inu mwatha? Alamu anga sanati amene amandikonda. Sanati amene wanditopera. Anati amene adzandichotsere mwala. Mwalawo unali ufa. Anawachotsa mu ufa ndani? Dokotala ananena yekha, mboni ilipo. Wina anawapititsa kuchipatala, wina anawagwirira botolo, koma akanabwerera kuchigayo bwenzi zonsezo zili kuthira madzi m'dengu. Ndiponso mwanayu ndi mbumba yanga. Dzina lake ndi Yamikani."

Pakhondepo aliyense anamva chimene dzinalo linkanena. Tsiku lililonse Lufeyo akamaitana mwana wake, azidzilamula yekha kuthokoza Gelesomu.

Lufeyo anaimirira. Kale sakanatha kumaliza chiganizo, koma tsikulo mpweya anali nawo wokwanira.

"Alamu, munthu akakukankhira m'dzenje kuti uthyoke khosi, mkango n'kudutsa pamwamba osakuona, umuthokoze wokukankhayo?"

"Ngati uli moyo, bwanji osathokoza?"

"Munanama. Munazimitsa injini kuti bodza lanu limveke. Mpaka lero ndimamwera kapu yangayanga ngati wakhate. Njinga yamoto munati ilibe mafuta, madzulo ake anthu anakuonani nayo kumowa. Kazimitseninso injini ija pamaso pa azimayi omwe aja, munene kuti sichinali chifuwa chachikulu, munene kuti pepani. Mukatero tidzakambe za dzina."

"Wochiritsa sapepesa," anatero Gelesomu.

"Ndiye wonama satcha mwana wanga."

Mkulu wina wa kuchimuna, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo, anapukusa mutu. "Lufeyo, lonjezo lako linalibe mawu oti pepani. Unalumbira pa mwana ali m'mimba. Ukalipotoza, udzalipotozera pamutu pa mwanayu. Ngati mwala anachotsa ndi Gelesomu, dzina ndi la Gelesomu, ngakhale mtima wake uli wakuda ngati kunsi kwa mphika."

Nkhoswe ya kuchikazi, ngakhale inali m'bale wa Gelesomu, inakana. "Iyayi. Wochotsa ndi amene anafuna kuchotsa. Mphezi ikagwetsa mtengo pamtsinje anthu n'kumawolokerapo, sitiitcha mmisiri wa milatho. Nkhani ili pakati pa azimayi awiriwa."

"Awiriwa ndiye uti?" wina anafunsa. "Wopulumutsa tsiku limodzi, kapena wosunga masiku onse? Popeza onse anayamba alakwa."

Anakangana mpaka mithunzi inatalika. Ena anati mwana atenge mayina onse atatu. Lufeyo anakana, nati dzina la Gelesomu silidzagona m'nyumba mwake ngakhale litakhala lachitatu. Ena anati atche yekha bambo wake, popeza wokoka mpweya m'botolo anali iye. Anakananso, nati mawu ake sabweza, iye si Gelesomu. Anthu anabalalika, thobwa litatsala m'ndowa.

Mwanayo anakwanitsa miyezi itatu. Pakhadi lakusikelo, pamalo a dzina, panali poyera. Dorifa akabwera ankamunong'oneza kuti Tafika. Elube pomuyamwitsa ankati Khama. Gelesomu akamadutsa panjinga yamoto ankakuwa ali pamsewu kuti, "Yamikani wadzuka bwanji?" Lufeyo ankangomuyang'ana, mwana ali pachifuwa chomwe chija chinkalira amphaka. Injini ija Gelesomu sanaizimitse. Pepani sananene. Pamaliro mbale ya Lufeyo inkaikidwabe payokha.

Nkhani ndaitula pamaso panu, ine sindigamula. Pali Dorifa, amene anamufukiza utsi koma n'kupalasa naye mpaka phazi kung'ambika. Pali Elube, amene anataya mankhwala koma n'kumugwirira botolo m'mawa ndi madzulo. Pali Gelesomu, amene anafuna kumuwononga koma n'kumutulutsa m'fumbi limene linkamupha. Tsono inu nenani, ndipo musanene mongofuna kukondweretsa mtima: mwala pachifuwa pa Lufeyo anachotsa ndani, ndipo mwanayu aitanidwe dzina liti?