Katipoti Kamene Sikanalawepo Tiyi

Swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, itatha, Mayi Asiyatu anafika kunyumba kwa Shehe Chilimba, kuseri kwa mzikiti wa pa Ntaja, atanyamula kamtolo kokulunga mu mpango wobiriwira. Anakagwira ndi manja awiri pachifuwa, momwe munthu amagwirira khanda. Akazi a Shehe anali pakhonde akusankha mpunga m'lichero. Atawaona mlendoyo anasendera n'kuwasiyira mbali ya mkeka imene inali pamthunzi, iwo n'kukhala kudzuwa. Mayi Asiyatu anaziona zimenezo, koma mtima unali kutali moti anaiwala kuthokoza.

Shehe anatuluka atavala mkanjo wawo wachigamba pachigongono, n'kukhala pampando wamfupi chapatali pang'ono. Atapatsana salamu, anafunsa za mawondo a mayiwo, za mpunga wa kudambo, kenako za Shaibu, mwana mmodzi yekhayo wa mayiwo, amene Shehe anamuphunzitsa ku madrasa ali wamng'ono.

Shaibu anapita ku China kukaphunzira za makina. Sukulu itatha anapeza ntchito konko, n'kukwatira mkazi wa komweko, Msilamu mnzake, dzina lake Safiya. Bambo ake atamwalira sanathe kufika. Maliro anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo, iye akadali kufunafuna tikiti ya ndege.

"Nkhani yake ndi imene yandibweretsa, a Shehe," anatero Mayi Asiyatu.

Anamasula mpango uja pang'onopang'ono. M'katimo munali katipoti kadongo, kakang'ono kokwana m'dzanja limodzi, kofiirira ngati chiwindi. Kanalibe duwa, kanalibe mzere wa utoto. Akazi a Shehe anasiya kusankha mpunga n'kusuzumira.

"Ka ana kosewerera masanje?" anafunsa.

"Ayi, mayi. Aka n'ka mafumu."

Shehe anamwetulira. "Ine za ku China sindizidziwa, Mayi Asiyatu. Ndiphunzitseni."

Apa mayiwo anawongola msana, chifukwa mbiri ya katipotiko anaisunga pamtima monga Shaibu anawafotokozera pafoni, ndipo anali ataifotokozera kale alendo ambiri. Anati dongo lake silopezeka paliponse. Limakumbidwa pansi pa mapiri a dera lotchedwa Yixing, ndipo limatuluka lolimba ngati mwala. Amalisiya padzuwa ndi pamvula mpaka lifumbutuke, kenako amalipera, n'kulikanda, n'kulisunga zaka kuti lipse. Oumba ake amalimenya ndi kathabwa mpaka lipyapyale, n'kumalumikiza ndi manja. Anthu akumeneko amati luso limeneli linayamba zaka mazana asanu zapitazo, ndipo mbiri itafika kunyumba yachifumu, mafumu aakulu a dzikolo analamula kuti matipoti abwino koposa azitumizidwa kwa iwo. Akafika kulikulu, amisiri a mfumu ankawajambula maluwa a mitundumitundu, ena n'kuwapaka golide m'mphepete.

"Chimene ankamweramo mafumu, ine ndili nacho m'kabati yanga yamagalasi," anamaliza motero. Koma mawuwo anatuluka opanda mphamvu, ngati nyimbo imene munthu waiimba kambiri mpaka yatha kukoma.

Shehe anapempha kuti akagwire. Anakalandira ndi manja awiri, n'kukatembenuza, n'kutsegula chivundikiro, n'kununkhiza m'kati.

"Mukumveka fungo la kabati," anatero mofatsa. "Tiyi sanalowemo?"

"Sanalowemo. Ndipo salowamo."

Tsono anafotokoza zonse. Katipotiko kanabwera ndi wamalonda wina wa ku Liwonde, mwezi umene amuna awo anamwalira. Tsiku limenelo iwo atamva galimoto ikuima panja anathamanga opanda nsapato, poganiza kuti ndi Shaibu. Anapeza kabokosi. Anakatsegula pamaso pa abale amene anali asanabalalike pamaliro, ndipo mtima utawawa analumbira mokweza kuti, Wallahi, tiyi sadzalowa m'katipoti kameneka kufikira Shaibu atalowa yekha pakhomo paja ndi miyendo yake. Papita zaka zinayi. Shaibu amaimba foni, amatumiza thandizo, koma kuntchito kwake tchuthi chotalika sichipezeka.

Tsopano Shaibu wanena kuti mwezi wamawa akubwera Safiya ndi mwana wawo, iye atsala. Wanenanso chifukwa chimene anatumizira katipotiko. Kwawo kwa Safiya, mkazi akakwatiwa amagwada n'kuthirira tiyi amayi a mwamuna wake. Apongozi akalandira kapu n'kumwa, ndiye kuti amulandira, ndipo kuyambira pamenepo amawaitana kuti amayi. Safiya sanachitepo mwambo umenewu. Katipotiko anasankha ndi iyeyo, ndi ndalama za ntchito yake yauphunzitsi, ndipo wakhala akudikira zaka zonsezi kuti adzathirire apongozi ake.

"Ndiye ndabwera ndi pempho, a Shehe. Katipotika kakhale kuno kwa inu. Mtsikanayo akabwera mudzamupatse abwerere nako kwawo. Ine ndipita kwa mng'ono wanga ku Nsanama mpaka atanyamuka. Lumbiro langa sindingaliphwanye, komanso sindingathe kumuyang'ana atagwada ine n'kukana kapu yake. Bola asandipeze."

Shehe anatola mpango wobiriwira uja pamkeka n'kufunsa kuti unali wa ndani.

Mayi Asiyatu anati ndi wa Safiya. M'bokosimo munali mapepala okwanira kutchinjiriza dongolo, koma iye anavula mpango wa kumutu kwake n'kukulungiramonso. Unafika ukununkhira mafuta a tsitsi lake.

"Munauchapa?"

"Sindinauchape."

"Nanga mwanayo dzina lake ndani?"

Mayiwo anayang'ana pansi. "Asiyatu."

Akazi a Shehe anaika lichero pambali. Kenako Mayi Asiyatu anayamba kulankhula okha osafunsidwa. Anati mdzukuluyo amangomuona pagalasi la foni. Ali ndi mphumi ya agogo ake aamuna. Amayesa kunena kuti agogo koma lilime limamukanika, ndipo amaseka n'kubisala kumbuyo kwa mayi ake. Safiya naye anaphunzira moni wa Chichewa, amaunena mosamala ngati akuyenda pamiyala yoterera, ndipo iwo amangoyankha mwachidule n'kufunsa kuti Shaibu ali kuti. Lachisanu lililonse akachokera ku mzikiti amatsegula kabati, n'kutulutsa katipotiko, n'kukapukuta fumbi. Nthawi zina amakhala nako pamiyendo mpaka dzuwa kupendeka. Dongolo likafunda ndi manja awo limakhala ngati dzanja la munthu.

"Shaibu atakuuzani za mafumu," anafunsa Shehe, "za kasamalidwe kake sananene kanthu?"

Ananena, anavomera mayiwo, koma mbali imeneyo sankaifotokozera alendo. Dongolo silipakidwa chilichonse m'kati, choncho limamwa tiyi pang'onopang'ono. Sopo ndi woletsedwa, mchenga woletsedwa. Umangotsukuluza ndi madzi otentha n'kupukuta ndi kansalu. Kamene kamagwira ntchito tsiku ndi tsiku kamayamba kuwala kokha chifukwa cha tiyi ndi manja a mwini wake, ndipo amati kakakalamba, ngakhale utathiramo madzi otentha okha, amatuluka akununkhira tiyi. Koma kongosungidwa kamakhala kotuwa.

Onse atatu anayang'ana katipoti kaja m'manja mwa Shehe. Kanali kotuwa.

"Nanga a mafumu aja, ojambulidwa maluwa, ali kuti lero?"

"Shaibu anati anawaona m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ali m'magalasi. Anthu amangodutsa n'kumayang'ana."

"Alipo amene amamweramo?"

"Palibe."

"Ndiye inunso mwakasandutsadi ka mafumu," anatero Shehe, ndipo ananena mokoma mtima moti mayiwo anatsala pang'ono kuseka.

Shehe anawauza kuti mayi awo omwalira anali oumba mbiya kumudzi kwawo kuseri kwa phiri la Chikala. Munthu akagula mtsuko, iwo ankamuperekeza mpaka panjira n'kumamupempha kuti akathiremo madzi tsiku lomwelo. Akadzacheza kwa munthuyo n'kupeza mtsuko uli wouma pakona, ankabwerera kunyumba ali okhumudwa ngati akanidwa moni. Ankati iwo sanaumbire maso a anthu, anaumbira ludzu lawo.

"Ndikuganiza za munthu amene anamenya dongo ili ndi kathabwa, kutali kumeneko," anapitiriza. "Sitimudziwa, iyenso satidziwa. Koma anasiya kabowo aka kuti pazituluka tiyi."

Mayi Asiyatu anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Mawu amene anali atawabisa zaka zinayi anatuluka motsitsa kwambiri.

"A Shehe, ndikamwa tiyi ameneyo, ndiye kuti ndavomera kuti mwana wanga sadzabweranso. Katipotika kakakhala kouma, ndimamva ngati akadali panjira."

Shehe anagwedeza mutu posonyeza kuti amva. Kenako anayankha.

"Mayi, kusowa mwana si tchimo. Ngakhale aneneri analira ana awo mpaka maso kuwawa. Zoti Shaibu adzabwera liti, ine sindidziwa, ndipo sindikunamizani kuti ndikudziwa. Adziwa ndi Allah. Koma taonani chimene lumbiro lanu lachita. Munalumbira kuti mumukoke mwana wanu abwere. Zaka zinayi silinamusendeze ngakhale phazi limodzi. Lero likufuna kukuchotsani inuyo pakhomo panu, tsiku limene magazi ake akubwera kudzakufunani. Dzina la Allah sitimangira chitseko chimene abale akufuna kulowera."

"Koma ndinalumbira pamaso pa anthu."

"Munalumbiradi, ndipo lumbiro si chinthu chopepuka. N'chifukwa chake chipembedzo chinatipatsa njira. Munthu akalumbira, kenako n'kuona kuti kuphwanya lumbirolo ndiko kwabwino kuposa kulisunga, achite chabwinocho, ndipo apereke kafara, dipo la lumbiro lake. Adyetse masikini khumi, anthu osauka, chakudya chonga chimene amadya pakhomo pake. Mpunga muli nawo?"

"Ulipo."

"Ndiye musatumize mwana kuti akagawe m'mapepala. Aitaneni adzakhale pamkeka panu. Amayi aja amakhala pageti la mzikiti Lachisanu, a Che Bwanali osaona aja, ndi ena amene mukuwadziwa kuposa ine. Akatha kudya, athirireni tiyi wa m'katipoti aka."

Mayi Asiyatu anakayang'ana. "N'kakang'ono, a Shehe. Timakapu tiwiri basi, kathamo."

"Ndiye ubwino wake. Muthira kambiri, ndipo alendo anu akhalitsa."

Akazi a Shehe anaseka chapansipansi n'kunena kuti iwonso adzabwera kudzathandiza kuwiritsa madzi, bola asawerengedwe pa khumi aja.

Koma mayiwo anali ndi nkhawa ina. Anati Shaibu anawachenjeza kuti katipoti kotere kamadziwa mtundu umodzi wokha wa tiyi. Kakayamba ndi masamba ena, kamasunga fungo lomwelo moyo wake wonse. Safiya wanena kuti adzanyamula masamba a kwawo. Iwo akathiramo tiyi wa ku Thyolo wogula pagolosale, ndiye kuti amuwonongera mwanayo mwambo wake asanafike n'komwe.

Anangozindikira atamaliza kulankhula kuti anena kuti mwanayo, osati mtsikana uja. Shehe anamva, koma sanawakumbutse. Anayala mpango wobiriwira uja, n'kuikapo katipoti, n'kukulunga bwinobwino monga kanabwerera, n'kupereka kwa akazi awo kuti apatsire mlendoyo.

"Funso limenelo si la Shehe, Mayi. Mwini wake alipo, ndipo foni yake muli nayo. Mukafika kunyumba muimbireni, ndipo lero musayambe ndi kufunsa kuti Shaibu ali kuti. Muuzeni kuti katipoti kake katuluka m'kabati. Mumufunse ngati angalole kuti kadziwe tiyi wa kuno, poti ndi kuno kumene akubwera kudzakhala mwana wanu. Ine ndikuona ngati munthu amene anavula mpango wake kuti dongo lisasweke panjira sadzakukanizani. Kenako muzithira tsiku lililonse, nokha kapena ndi alendo. Safiya adzathire, mdzukulu wanu adzagwire chivundikiro ndi timanja take. Ndipo tsiku limene Allah adzalole kuti Shaibu alowe pakhomo panu, kaya ndi chaka chino kaya ndi mtsogolo, asadzapeze dongo lotuwa lonunkha kabati. Adzathiremo madzi otentha okha, n'kumva fungo la onse amene anamudikira."