Chitenje pa Kompyuta ya a Peterson

Ku Limbe, kuseri kwa mashopu ogulitsa nsalu, a Peterson anali ndi kachipinda komwe ankakonzeramo mavidiyo a maukwati. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Vuto lawo linali loti munthu wina akayamba kuwalangiza, makutu awo ankasanduka zokongoletsa mutu.

Kompyuta yawo inali ya chibokosi chokhala pansi pa tebulo. Poopa fumbi la mumsewu, ankachifunditsa chitenje chopinda kawiri, ngakhale pamene makinawo ali pantchito. Mwezi wa Okutobala utafika, dzuwa likuswa mtengo, kompyuta ija inayamba kumangozima yokha. Atasowa pogwira anaitana Miriam, mayi wokonza makompyuta wa pakhomo loyandikana nawo.

Miriam anavundukula chitenje, natsegula bokosi, nachotsa fumbi lomwe linali litaundana pa fani. Kenako anaika pulogalamu yoyeza kutentha, ndipo pakona ya sikirini panaoneka manambala atatu.

"Iyi ikuonetsa kutentha kwa purosesa, ubongo wa makinawa," anatero akuloza. "Iyi ndi ya disiki, mosungira mavidiyo anu. Yachitatuyi ndi liwiro la fani. Ndatchera kuti kutentha kukapyola muyezo, kompyuta izilira. Ikalira, siyani kaye ntchito izizire. Koma chitenjechi ayi ndithu, a Peterson. Makina amapuma ngati inu nomwe."

"Chemwali, ine ndinayamba kugwira kompyuta inu muli ku pulayimale," anayankha a Peterson. "Fumbi la ku Limbe ndimalidziwa ndine."

Miriam asanafike n'komwe pakhomo pake, chitenje chinali chitabwerera pamalo.

Masiku amenewo a Peterson ankakonza vidiyo ya ukwati wa Halimatu, mtsikana wa ku Chimwankhunda. Paukwatipo bambo ake a mkwatibwi anayankhula mawu odalitsa mwana wawo, ndipo patangotha masabata awiri anamwalira. Banjalo linalibe pena paliponse pomwe mawu a malemuwo anajambulidwa. A Peterson, monga mwa chizolowezi chawo, anali atakopera zonse mukompyuta n'kufufuta khadi ya mukamera kuti akajambulire ukwati wina.

"Ngakhale musaikemo nyimbo ndi maluwa," Halimatu anawachonderera atabwera kudzafunsa. "Ine ndikungofuna mawu a bambo anga."

Lachiwiri masana kompyuta inayamba kulira. Nambala ya purosesa inali itafiira pa madigiri 88, ya fani ikutsikiratsikira.

"Iwe, muno bwana ndine!" anakalipa a Peterson, n'kudina kuti ikhale chete. Sipanathe mphindi khumi, inayambiranso.

Miriam anamva phokosolo kudzera kukhoma, nasuzumira pakhomo. "A Peterson, imeneyo ikuitana inu."

"Mwaiphunzitsa mwano ndinu. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala nayo, sinalirepo."

"Inalibe pakamwa. Kudwala inkadwala ndithu. Chotsani chitenjecho, kapena bolani koperani vidiyo ya mwana wa eni akeyo kwina."

"Kuti fumbi lindidyere makina, inu muzipeza ntchito? Ndikafuna malangizo ndigogoda ndekha."

Miriam anapukusa mutu n'kubwerera kwake. Mkulu uja anakwinya mikono ya malaya, nafufuza pomwe pulogalamu ija inali, naichotseratu. M'chipindamo munagwa bata. A Peterson anatsamira pampando akumwetulira ngati munthu amene wapambana mlandu, mpaka anatumiza uthenga kwa Halimatu kuti adzatenge vidiyo yake Loweruka. Kunena zoona, munthu wamakani amasangalala kwambiri tsiku lomwe womuchenjeza watopa.

Lachinayi chakumasana kunamveka fungo la pulasitiki wopserera, sikirini n'kuda bii. A Peterson anadikira kuti izizire, nayatsanso. Mkati mwa bokosi munkangomveka kugogoda, kho, kho, kho, osaonetsa kanthu. Ulendo uno anagogodadi okha kwa Miriam.

Miriam atatsegula bokosi anapeza ulusi wa chitenje utakulungana pa fani mpaka kuiimitsa. Disiki inali yotentha yosagwirika. Miriam sananene kuti ndinakuuzani. Analimbana nayo masiku awiri, akuyesa njira iyi ndi iyo, koma pomaliza anangoibweza patebulo.

"Yafa. Mulibe chomwe ndingatulutsemo."

Loweruka Halimatu anafika atanyamula kathumba koti aikemo vidiyo yake. A Peterson anayesabe kulimba khosi. Anadandaula za magetsi ozimazima, za makina a masiku ano osalimba, za dzuwa la chaka chino. Mtsikanayo anangowayang'ana mpaka mawu anawathera. Sanakalipe, sanatukwane.

"Chabwino, bambo," anatero motsitsa. "Inu munaima pafupi ndi bambo anga pamene ankayankhula. Ndiuzeniko, pomaliza paja anati chiyani? Ine ndinkalira, sindinamve bwino. Ndimati ndidzamvera muvidiyo."

A Peterson anayang'ana kompyuta yakufayo. Tsiku la ukwatilo maso awo anali pa kamera, ndipo sanasunge liwu ndi limodzi lomwe la malemuwo. Manyazi anawagwira, anazyolika. Halimatu anapinda kathumba kake kopanda kanthu, natuluka kukakwera minibasi ya kwawo akupukuta misozi.

Miriam anawachenjeza, makina omwe anawachenjeza, iwo n'kuona onse awiri ngati adani ofunika kuwatseka pakamwa. Anazindikira mochedwa, mwana wa eni ake atataya chomwe sichingagulidwe m'shopu iliyonse ya ku Limbe, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.