Miyendo ya a Bongololo pa Msonkhano wa Zinyalala

Kuseri kwa msika kunali dzala lalikulu, ndipo Mbuzi ndi Bongololo sankamwerana madzi chifukwa cha dzalalo. Mbuzi ankafuna kuti majumbo apulasitiki aletsedwe, zinyalala zichepe. Mwana wake woyamba anafa atameza jumbo, ndipo wotsalayo kanali kamwana kosamva, kotafuna chilichonse. Koma Bongololo ankati dzalalo ndiye kwawo, poti pansi pa majumbo pamazizira bwino.

Boma la nyama litamva za mkanganowo, linati silingapange lamulo lisanamve maganizo a nzika. Linatuma Khwangwala, amene ntchitoyo anaipeza chifukwa cha kolala yoyera ya m'khosi mwake basi. Iyeyu pa nkhani ya ndondomeko ndiye musanene. Ngakhale nyumba ikupsa, akanayamba wafunsa kaye ngati onse akugwirizana ndi zothira madzi.

Msonkhano unachitikira padzala pomwepo. Anagawa mandasi, lililonse m'jumbo yakeyake. Mbuzi analankhula mpaka kusasa mawu, misozi ili chuchuchu, ndipo Nkhuku ndi Njoka anamuvomereza. Bongololo ankangodya mandasi.

"Mwamveka, mayi," anatero Khwangwala. "Koma boma silimva misozi, limawerenga. Ofuna kuti majumbo aletsedwe akweze miyendo."

Njoka anafunsa kuti nanga iye akweze chiyani, ndipo anamuuza kuti ayesedwa ngati sanabwere. Nkhuku anakweza mwendo umodzi, nkuyesa kukwezanso winawo, nkugwa. Mbuzi anagona chagada nkukweza inayi yonse. Khwangwala anavomera kuti mwendo uliwonse ndi voti, koma anachenjeza kuti wotsitsa mwendo kuwerenga kusanathe ndiye kuti wasintha maganizo.

Kenako anaitana otsutsa. Bongololo anapukuta pakamwa, nkugona chagada nayenso. Abale inu, miyendo ija! Inangoti njo ngati udzu wa m'dambo, ndipo Nkhuku atayiona anangodzuka nkumapita kwawo.

Khwangwala anayamba kuwerenga, akuloza mwendo uliwonse ndi mlomo. Tsoka lake, Bongololo ukangomukhudza amadzipinda. Akadzipinda, Khwangwala ankasokonezeka nkuyambiranso. Dzuwa linafika pamutu, mpaka kupendeka, Khwangwala akadali pa miyendo ya m'khosi.

Nthawi yonseyi Mbuzi anali chigonere, miyendo ili m'mwamba, ikunjenjemera. Atapotoza khosi, anaona kamwana kake kakununkhiza jumbo ya mandasi, yonona mafuta. Anakakuwira kuti kaleke, koma kanangomuyang'ana nkuyamba kutafuna.

"A Khwangwala, ndiloleni ndidzuke. Mwana wanga akudya jumbo."

"Dzukani, mayi, ndi ufulu wanu. Koma mavoti anu anayi apita kwa a Bongololo."

Mbuzi mtima unamupweteka. Mavotiwo anali oti apulumutse mwana yemweyo, ndiye anapirira pang'ono, akumaganiza kuti kuwerenga kutha posachedwa. Bongololo anadzipindanso. Apa Mbuzi anadzambatuka nkuthamanga, koma anapeza jumbo yalowa kale, kangotsala kansonga pakamwa. Anakoka ndi mano, kansongako nkuduka.

Mimba ya kamwanako inatupa, ndipo sabata isanathe kanatsatira mkulu wake. Ine nkhani imeneyi imandikwiyitsa mpaka lero, makamaka ndikakumbukira zomwe zinachitika pamaliro. Khwangwala anafika kolala ili mbee, nkupempha kuti alankhule m'malo mwa boma. Anapepesa bwinobwino, nkunena kuti kuwerenga miyendo kukupitirira, koma pali nkhani yolimbikitsa.

"Chiyambire ntchito yathuyi," anatero, "zinyalala padzala zachepa ndi jumbo imodzi."

Phunziro: Wofunsa maganizo a anthu amvere amene vuto likumupweteka, osati amene ali ndi miyendo yambiri yokweza. Kufunsa kosatha sikuchotsa zinyalala, kumangotha ana.