Masutikesi a Mayi Agatha

Kalata ya mwini nyumba inafika ku Ballymun patatha miyezi inayi chimwalirireni mayi Agatha. Inali yaulemu, koma mpeni ndi mpeni ngakhale aukulunge m'nsalu: nyumba ikugulitsidwa, pofika Okutobala mukhale mutatuluka. A Ambrosio Kalinde anaiwerenga chiimirire, ovolosi ya kugalaja ikadali m'thupi, kenako maso awo anagwera pa masutikesi awiri amene anali pakona. M'menemo munali zonse zimene mkazi wawo anasiya: zitenje, madilesi, mipango, yunifomu ya amayi a kutchalitchi. Thupi linagona m'dothi la Dublin, ndipo kwawo ku Nguludi palibe anaona nkhope. N'chifukwa chake a Kalinde analonjeza apongozi awo kuti pa Pasaka adzabwera nazo zovalazo, abale adzatsekule okha ndi kugawana monga mwa mwambo.

Zaka zimenezo chipinda chimodzi cha lendi chikalengezedwa, anthu makumi anayi ankandanda pakhomo ngati pachigayo. Atatopa ndi mizere, a Kalinde anamva kutchalitchi kuti mkulu wina wa ku Skerries akugulitsa kampavani, galimoto ija yokhala ndi bedi ndi khitchini imene eni dziko amapitira kutchuthi. Bwana wawo ku Coolock anavomera kuti aziimika kuseri kwa galaja.

Anapita kukaiona ndi mwana wawo Overstone, amene anasiya koleji kuti adwazike amayi ake ndipo sanabwerereko. Galimotoyo inali yoyera mbee, makatani amaluwamaluwa.

"Adadi, tiitane inspekita kaye," anatero Overstone. "Ali ndi kamakina koyezera chinyontho m'makoma. Anthu kuno sagula asanayezetse."

"Inspekita adzandiuza chiyani ine? Zaka twente-faifi ndikumasula mainjini ku Ndirande, iwe usanadziwe ndi komwe kuvala kabudula."

"Koma iyi ndi nyumba, adadi, si minibasi."

"Ndipo mkuluyu timapemphera naye. Ndimubweretsere mlendo wodzafwanthula ngati ndikumuyesa wakuba?"

Anatsekula boneti, anagunditsa sikuludilaiva pa injini, chogwirira n'kuika kukhutu. Injini inayimba bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kumanda nkhope yawo inawala. Overstone anakwera m'kati n'kudina khoma la kachipinda ka pamwamba pa dalaivala. Chala chinalowa pang'ono.

"Adadi, apa pakubonyoka."

"Chotsa dzanja! Ukudina ngati ukusankha mapapaya pamsika. Ukanakhala ndi nzeru zoyezera zinthu bwenzi uli kukoleji."

Mawuwo anamulasa mnyamatayo pabala. Anakapempha pogona pa sofa ya mnzake, ndipo a Kalinde anagula galimotoyo n'kusamukiramo okha. Masutikesi aja anawaika m'kachipinda ka pamwamba kaja, malo aulemu kuposa onse, n'kutseka katani. Sanawakhudzenso, ankaopa fungo la mafuta odzola a mkazi wawo, kuti likawapeza okha liwagwetsa.

Mvula ya ku Ireland siichita phokoso. Ilibe ziphaliwali, ilibe mkokomo wochenjeza munthu kuti aanule chimanga. Imangonyenyera, lero, mawa, mkuja, mpaka itapeza polowera. A Kalinde ankamva kafungo ka chinyezi m'mawa, n'kumati ndi nsapato za kuntchito. Injini ankaidzutsa Lamlungu lililonse, ndipo sinakanepo.

Kutatsala sabata kuti anyamuke, mlamu wawo anaimba foni kuchokera ku Nguludi.

"Alamu, musadzaiwale chitenje chabuluu chija malemu anavala paukwati wa mchemwali wathu Linda. Amayi akuti ena atenge zonse, iwo chokhacho. Akuti akachifunda, ndiye kuti mwana wawo amuika."

Loweruka masana Overstone anabwera kudzathandiza kutsitsa katundu. Atakoka sutikesi yoyamba, chogwirira chinatsala m'manja, pansi pake n'kuphotchoka ngati dzungu lowola. Zovala zinagwa chibulumwa chimodzi, zakuda bii ndi chuku, zomatana. A Kalinde anagwada. Anafufuza mpaka anapeza kansonga kabuluu. Atakoka, nsaluyo inanyotsoka mwakachetechete, osamveka ndi kung'ambika komwe.

Overstone anali atasunga mawu ambiri m'chifuwa nyengo yonse yozizira. Koma ataona msana wa bambo ake ukugwedezeka, anawameza onse, n'kugwada pambali pawo.

Inspekita uja a Kalinde anamuitanabe, kuti adziwe ngati munthu angapitirize kugonamo. Anali mayi wamfupi wa jekete yachikasu. Anagunditsa kamakina kake pakhoma, kanalira. Anasuntha, kanaliranso. Anakwera makwerero n'kuwaonetsa mng'alu wa padenga, wopyapyala ngati ulusi. Anati unayamba kale, mwina ngakhale mwini wake sankaudziwa, poti galimotoyo inkakhala m'shedi. Ntchito yonse sinathe mphindi khumi.

"Injini yokha ndiye ili bwino kwambiri," anawonjezera mayiyo, pofuna kuwatonthoza.

A Kalinde anangogwedeza mutu.

Ku Nguludi anafika ndi kachikwama ka m'manja. Abale anali atayala mphasa pabwalo, poti pakhale masutikesi. Apongozi awo, maso atachita khungu ndi ukalamba, anatambasula manja onse awiri monga wolandira mwana. A Kalinde anaikamo korona yopempherera ya Agatha imene anaipeza m'zovala zija, chinthu chokhacho chimene madzi analephera kudya. Mayiyo anaipapasa, anainunkhiza, anaisendeza patsaya, kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Nanga chabuluu chija, bambo?"

Munthu amene ankamva matenda a injini ndi khutu lokha anagwada pamphasa yopanda kanthu ija. Kudziwa njira imodzi sikudziwa nkhalango yonse, ndipo akale sananame: safunsa anadya phula.