Mkono wa Nagama

Panali mayi wina, dzina lake Nagama, amene anapita padera kawiri chifukwa cha malungo. Ataima kachitatu, malangizo anamugwera ngati mvula. Apongozi ake anati asadye mazira, mwana angabadwe wadazi. Anzake a kuchigayo anati asamaime pakhomo, mwana angadzavute pobadwa. Zonsezi anali atazitsata kale pa mimba ziwiri zija, koma kumsana kunalibe mwana. Mantha anali nawo, osanama ayi.

Tsiku lina kusikelo anamwino anafotokoza za kafukufuku. Ankafuna kudziwa ngati mankhwala atsopano oteteza amayi oyembekezera ku malungo akuposa akale. Anati ena adzamwa atsopano, ena akale, ndipo palibe amene adzadziwe gulu lake mpaka kumapeto. Mwezi uliwonse azidzatenga timagazi pang'ono tokayeza. Wosafuna sakakamizidwa.

Atangomva za magazi, amayi anayamba kuzemba mmodzimmodzi, wina akuti wasiya nyemba pamoto, wina akuti mbuzi sanamangirire. Inu amayi anzanga muli pano pasikelo mukusekatu, koma ndimakudziwani, mukanathawa nawo! Nagama anatsala. Anafunsa mafunso ake onse mpaka anakhutira, nakakambirana ndi mwamuna wake. M'mawa mwake anabwerera n'kutambasula mkono.

Mwezi ndi mwezi ankamuyeza. Ulendo wina anamupeza ndi malungo thupi lisanayambe n'komwe kutentha, ndipo anamupatsa chithandizo pomwepo. Nthawi itakwana anabereka mwana wamkazi wojintcha, wolira mwamphamvu moti wodi yonse inamva. Apongozi anavina mpaka chitenje kumasuka, Nagama akungolira ndi chimwemwe.

Kafukufuku atatha, anamwino anaitana amayi onse n'kuwauza zotsatira. Mankhwala atsopano anapambanadi, koma Nagama anali m'gulu la akale. Anzake a kuchigayo atamva anamuseka kuti magazi ake anangopita pachabe. Iye anaseka kuwaposa, mwana ali kumsana, nati: "Pachabe? Mukafuna kudziwa ngati mbewu yatsopano imabereka bwino, simudzala mzere wa yakale pambali pake? Mzere umenewo ndine. Ndipo taonani chimene ndakolola."

Amayi anzanga, malangizo amene timakupatsani pano, akuti muzigona m'neti, muzimwa mapiritsi anu, muziyamba sikelo msanga, sanagwe kuchokera kumwamba ayi. Anayesedwa, ndipo anayesedwa pa anthu ngati inu, amene anavomera okha. Tsiku lina akadzakupemphani, funsani mpaka mumvetse, kenako musankhe nokha. Kukana n'kololedwa, koma musathawe musanamve. Mwana amene ali m'mimba mwanuyo akutetezedwa ndi mayi wina amene simunamuonepo nkhope.