Nsomba za Tamiwe

Lamulungu masana, atabwerako ku tchalitchi, a Paison Mbewe a m'komboni ya Nabvutika anakhala pabalaza ndi banja lawo akumwa tiyi wa mbatata. Mwana wawo Tamiwe anali atamanga kale chikwama, poti m'mawa mwake ankapita ku Ndola kukaphunzira unamwino. Chomudetsa nkhawa chinali chimodzi: thanki yake yagalasi, momwe ankawetamo tinsomba tofiira.

"Amama, chakudya n'kamodzi patsiku, kongotsina ndi zala. Madzi akachita mbuu musatekeseke, amayera okha. Ndipo siponji ya m'sefa yoyeretsa madziyi musamaichape pampopi."

"Iwe, ndakulera mpaka kukula chonchi, ndiye nsomba zindikanike?" anatero mayi ake, a Getrude. "Udzazipeza zonse zamoyo."

A Getrude anali mayi waukhondo wodziwika m'komboni monse. Pakhomo pawo ngakhale ntchentche inkachita kuodira. Analinso ndi chifundo, moti nsomba zikawayang'ana kukamwa kuli yasa, ankazithirira chakudya m'mawa, masana ndi madzulo ngati alendo. Posakhalitsa madzi anayamba kuoneka ngati otsukira mpunga.

Mtima unawawawa. Azimayi a Chigwirizano akabwera adzati chiyani? Anavuula nsombazo n'kuziika m'beseni, anakhuthula madzi onse, anakwecha galasi, timiyala ndi siponji yomwe, n'kuthiramo madzi atsopano a pampopi. Tsiku limenelo thanki inawala ngati kalilole. Mkuja wake inali mbuu kuposa kale. Anatsukanso. Inachitanso chimodzimodzi.

"Amake Tamiwe," anatero a Paison, "kwathu ku Kasenengwa chitsime cha kudimba chikavunduka tinkangokhala pambali. Woumirira kukapa ndiye ankamwa matope."

"Atate ake Tamiwe, kuno si kudimba. Pano ndi pabalaza panga."

M'mawa wina nsomba yaikulu, imene Tamiwe ankaikonda kwambiri, anaipeza ikuyandama chagada. Zotsalazo zinkapuma movutikira pamwamba pa madzi. A Getrude anaimbira mwana wawo foni.

"Amama," anatero Tamiwe, "m'siponjimo ndi m'timiyalamo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Timeneto ndi timene timadya zonyansa za nsomba. Mankhwala a m'madzi a pampopi amatipha. Mukatsuka, ndiye kuti zonse zayambiranso pachiyambi. Chonde, ingoisiyani."

"Ndiye ukuti ndisunge litsiro m'nyumba?"

"Ndikuti mundisungire nsomba, amama."

Mawuwo anawalasa, koma chizolowezi sichimva foni. Poona mbuu uja madzulo, anatulutsanso beseni kuti m'mawa atsuke komaliza, mosamala kwambiri. Kutacha, mpopi unangotsokomola n'kukhala chete. Madzi anali atasiya kutuluka m'dera lonselo.

Sabata inatha mipopi ili gwa. Madzi ankachita kukatunga pamjigo wakutali, ndipo zigubu zake zinkangokwanira kumwa ndi kuphikira. A Getrude manja ankawayabwa, koma analibe chochita. Chifukwa cha manyazi anaphimba thankiyo ndi chitenje, n'kusiya kampata pamwamba. Poopa kuwonjezera litsiro, anayamba kutsina chakudya pang'ono monga anawauzira Tamiwe. Pothira ankayang'ana kumbali, kuopa kuona mimba ina yoyera ikuyandama.

Tsiku lina masana Tamiwe anaimba kuti afika Loweruka kudzawaona. A Getrude anakhala pampando, manja ali m'khosi.

"Atate ake Tamiwe, vundukulani ndinu. Ine mtima ulibe mphamvu."

A Paison anakoka chitenje chija. Madzi anali mbee, moti kamwala kalikonse pansi kankaoneka. Nsomba zonse zotsala zinkathamangitsana kuseri kwa sefa, zipsepse zili tambasu.

"Mayo ine! Zili moyo!" A Getrude anagwada pafupi, akuseka misozi ili m'maso. "Mwathiramo chiyani inu?"

"Ine? Ndi mpopi watichitira chifundo. Unakumangani manja."

"Chokani apa, inu a kudimba," anatero mayiwo, koma kuseka sikunawaleke.

M'mawa mwake mpopi unayamba kulira mbandakucha. A Getrude anadzaza zigubu, anachapa makatani, anakolopa nyumba yonse mpaka pakhonde. Atafika pa thanki anaima kanthawi, nsalu ili m'manja. A Paison anatsitsa kapu ya tiyi n'kumawayang'anitsitsa. Mayiwo anapukuta galasi kunja kokha, anatsina kachakudya, n'kupitirira kukayanika zovala.

Zina zimakonzeka ndi manja, zina zimafuna kuti manjawo aziumire. Akulu akale sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.